Atitsekeranso bwalo chifukwa cha shoo, mpikisano utatsala milungu itatu

Kochi_wa_Ana
Anzanga pagulu pano, ndiloleni nditulutse zakukhosi. Ndimaphunzitsa achinyamata 14 kuthamanga, ambiri a mamita 400 ndi 800. Nyengo yozizira ikafika timadalira bwalo lofolera limodzi lokha, poti panja sipapondeka: pansi pamaterera ndi madzi oundana, ndipo ikamati 4 koloko madzulo kunja kwada kale. Lolemba tafika pageti ndi zikwama zathu, tangopeza chipepala chomata pakhoma kuti bwalo latsekedwa masiku 9 chifukwa kukubwera woimba. Shoo yakeyo ndi ya usiku umodzi wokha! Masiku enawo akuti ndi omanga siteji ndi kuphwasula.

Chaka chatha zinachitikanso. Atatitsegulira tinapeza leni yachiwiri yatupa pakona ngati chithupsa, chingamu chitamatirira pamzere woyambira, fungo la mowa lili guu. Mtsikana wanga wina anaponda potupapo n'kubinya phazi, nyengo yonse ya mipikisano inamudutsa atakhala pabenchi.

Ndiye ndikufunsa: kodi bwaloli analimangira ndani? Pakhomo analemba kuti ndi la masewero othamanga, koma othamangafe ndife oyamba kuthamangitsidwa.

Mangolomera77
Magetsi amene mumathamangiramowo amalipira ndani? Ana anu 14 aja?

Kochi_wa_Ana
Timasonkha mwezi ndi mwezi achimwene, sitilowa ulere.

Mangolomera77
Zimene mumasonkha chaka chonse, woimbayo amazitolera asanamalize nyimbo yoyamba. Sindikunyoza ayi. Kungoti nyumba yaikulu choncho imafuna kuitenthetsa, kuiunikira, kulipira alonda ndi osesa. Mukachotsa mashoo, denga likadontha mudzaika ndowa.

Wazingwe
Ine ntchito yanga ndi imeneyi, kukoka zingwe ndi kupachika masipika m'maholo akuluakulu, ndiye ndiyankhe mbali ya masiku 9 aja, chifukwa nanenso andidabwitsa.

Gulu la woimba amene akuyendayenda silichedwa. Malole amafika mbandakucha, ife timakwera kudenga kukamangirira tcheni cha ma mota, kenako magetsi ndi masipika amakwezedwa, siteji imalumikizidwa pansi. Madzulo ayesa mawu, usiku shoo, anthu akangotuluka timayamba kuphwasula, ndipo kukamacha malole ali kale pamsewu kupita mzinda wina. Chimene chimadya nthawi ndi ntchito ya eni holo: kuphimba thiraki, kusuntha mipando, kutchinga apa ndi apo. Zimenezo perekani masiku awiri kutsogolo, awiri kumbuyo ngati antchito ndi ochepa. Kufika 9? Pamenepo pali china. Mwina woimbayo wachita lendi holo kuti ayesererepo shoo yake yonse asanayambe ulendo, kapena alowetsapo msonkhano wina pakati osakuuzani. Kafunseni bwino.

Za kutupa kwa leni ndikuuzeni mosabisa, nthawi zambiri ndi forklift, kagalimoto konyamulira katundu wolemera. Labala wa thiraki amachita kumata ndi guluu pamwamba pa matabwa kapena konkire. Amapirira phazi la munthu, koma tayala la forklift itasenza katundu likazungulira pamalo amodzi limapotokola labalayo mpaka guluu kulekana. Pamwamba sipaoneka kanthu tsiku lomwelo. Pakapita sabata, mpweya kapena chinyezi chalowa, chithupsa chija chatuluka. Malamulo ake ndi oti ayale kaye nsalu yokhuthala, pamwamba pake mapanelo olumikizana, ndipo podutsa magalimoto awonjezere matabwa ochindikala. Koma 3 koloko usiku, aliyense atatopa, dalaivala akufuna njira yachidule, ndani amayang'ana?

Kochi_wa_Ana
A Wazingwe, zikomo chifukwa cha chilungamo chanu. Nanga chingamu ndi mowa zimadutsa bwanji ngati aphimba?

Wazingwe
Molumikizira mapanelo. Anthu masauzande akamadumpha nthawi imodzi mapanelo amasewera pang'ono, chakumwa chotayika chimatsetsereka m'mipatamo. Chingamucho mwina chinagwa atavundukula kale, osesa asanafike.

Agogo_Sitopuwotchi
Mwanawe Kochi, ndakumva, ndipo mtima wanga uli nawe chifukwa ndakhala woweruza mipikisano zaka zambiri. Koma ndikukumbutse kuti mkangano umenewu si wa lero. Masewero othamangira m'nyumba anakulira m'nyumba za eni. Ku New York mpikisano wa Millrose Games unkachitikira mu Madison Square Garden kwa zaka pafupifupi 100, holo yomwe anthu amaidziwa ndi nkhonya, basketball ndi oimba. Ankabweretsa thiraki ya matabwa, yaing'ono moti kuti ukwanitse mailo imodzi umazungulira ka 11, mpikisano ukatha n'kuichotsa. Mu 2012 anasamukira ku The Armory, komwe kuli thiraki yokhazikika ya mamita 200. Ku Paris, holo ya Bercy inatsegulidwa mu 1984, chaka chotsatira inachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi wa m'nyumba, koma masiku ambiri pachaka mumakhala zoimbaimba ndi masewero ena.

Ndiye pali mitundu iwiri ya nyumba. Ina ndi holo ya zochitika zosiyanasiyana imene thiraki imabwera ngati mlendo, kuimanga pa mpikisano n'kuiphwasula. Kumeneko wothamanga sangadandaule. Ina ndi nyumba imene inamangidwira thiraki, oimba n'kumabwera ngati alendo. Yanuyo, malinga ndi mmene wafotokozera, ndi yachiwiriyi. Mlendo sakanizidwa kulowa, koma sathamangitsa mwini nyumba kuchipinda.

Mangolomera77
Mlendo wobwera ndi thumba la ndalama amagona pabedi, Agogo.

Agogo_Sitopuwotchi
Agone, koma asathyole bedilo.

Kamtsitsi_B
Pepani ndifunse ngati mbuli. Masiku 9 okha, bwanji osangokathamangira mu holo ya sukulu kapena pa makina aja a mu jimu? Kuthamanga si kuthamanga basi?

Leni_Sikisi
@Kamtsitsi_B ayi mchemwali, sizifanana. Thiraki ya panja ndi mamita 400, makona ake otakasuka. Ya m'nyumba ndi theka lake, mamita 200, ndiye makona ndi othina kwambiri. Kuti munthu asatayidwe kunja, makonawo anawapendeketsa ngati mbale, leni yakunja ili pamwamba, yamkati pansi. Ukaimirira pa leni 6 pakati pa kona osayenda, umamva kuti phazi limodzi lili pamtunda. Thupi limafuna kuzolowera kupendama kumeneko uli pa liwiro, ndipo zimenezo makina a mu jimu sangakuphunzitse.

Tsono mamita 400 a m'nyumba ndi nkhondo ina. Panja aliyense amakhala mu leni yake mpaka kumaliza. M'nyumba mumazungulira kawiri, ndipo mukamaliza kona yachiwiri nonse mumathamangira leni yamkati. Pamenepo pamakhala zigongono, kupondana zidendene, ndipo amene wafika poyamba nthawi zambiri ndi amene amawina, chifukwa mbali zowongoka ndi zazifupi, mpata wopitirira mnzako ndi wochepa. Mwana amene sanayeserere kulowa pamenepo amafika pampikisano n'kutsekeredwa mkati ngati nkhuku m'chitatanga. Ndiye a Kochi akamalira milungu itatu, akudziwa chimene akulira.

Kamtsitsi_B
Eee, sindimadziwa. Nanga a mamita 100 amathamangira pati?

Leni_Sikisi
Kulibe 100. Kuli mamita 60, pakati pa bwalo. Ukadutsa mzere womaliza umakwera chitunda cha kona n'kukadziguguda pamatiresi oimika pakhoma. Oponya nthungo, mbale ndi nyundo kulibenso, angaswe magetsi. Amatsala oponya chitsulo okha.

Phazi_Thandize
Ine ndinene zoona ngakhale mundigende. Za m'nyumbazi si masewero enieni. Kulibe mphepo, kulibe dzuwa, kulibe mvula, kathiraki kongati kozungulirapo ana. Mpikisano weniweni ndi wa panja. Asiyireni oimba nyumbayo.

Leni_Sikisi
Kauzeni Frankie Fredericks wa ku Namibia zimenezo. Anathamanga mamita 200 m'masekondi 19.92 mu holo ya ku Liévin ku France mu 1996, pa kathiraki komwe mukukanyozako, ndipo patha zaka zambirimbiri palibe wamupitirira m'nyumba.

Phazi_Thandize
Nanga amupitirira bwanji poti mtundawo anauchotsa? Mamita 200 anathera mu 2004 pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa m'nyumba. Chifukwa chake? Amene wagwera leni yakunja ankawina, wa leni yamkati angolemba m'madzi. Ndi zimene ndikunenazo, thirakiyo ndi yokondera.

Agogo_Sitopuwotchi
Pa mamita 200 Phazi akunena zoona, kona ya leni 1 ndi yothina moti munthu wothamanga kwambiri amalephera kutambasula mwendo. Koma kuchoka pamenepo n'kunena kuti zonse ndi zachibwana, ndiye mwalumpha patali. Femke Bol anathamanga mamita 400 m'masekondi 49.17 ku Glasgow mu 2024. Lamecha Girma wa ku Ethiopia anapanga mphindi 7 ndi masekondi 23.81 pa mamita 3000 ku Liévin komwe kuja mu 2023. Hugues Fabrice Zango wa ku Burkina Faso analumpha mamita 18.07 pa kulumpha katatu, m'nyumba, mu 2021. Anthu amenewa sankasewera.

Ndipo kusowa kwa mphepo kumene mukunyozako ndi kumene olumpha ndi ndodo amakufuna. Armand Duplantis rekodi yake yoyamba ya dziko lonse lapansi, mamita 6.17, anaipangira m'nyumba ku Toruń ku Poland mu February 2020, patangotha sabata n'kuwonjezera sentimita imodzi ku Glasgow. Pa masewero amenewo rekodi ndi imodzi, kaya walumphira panja kaya pansi pa denga.

Phazi_Thandize
Chabwino Agogo, olumphawo ndavomera. Othamanga ayi.

DJ_Kachiwiri
Chondiseketsa n'chakuti mipikisano yanu yomweyo masiku ano yasanduka shoo. Amazimitsa magetsi, kuunikira wothamanga mmodzimmodzi, utsi, nyimbo zogunda, anthu kuomba m'manja motsatira ng'oma wolumpha akamathamangira. Zida zimenezo mukuganiza zinagulidwira inu? Denga lotha kunyamula matani a magetsi analilimbitsira oimba. Mukudya nawo.

Leni_Sikisi
Apa ndiye mwandigwira pakamwa.

Nachisale_Kutali
Poti mwayamba za oimba, nanenso ndili ndi dandaulo langa kumbali inayo. Ndinapitako ku shoo mu holo yotereyi, tikiti yodula, ndinakhala kumapeto. Mawu a woimba ankandifika kawiri, oyamba kuchokera kusiteji, achiwiri kuchokera kukhoma lakumbuyo. Ng'oma zinkangomveka ngati bingu lakutali. Ndipo mipando yambiri inayang'ana pakati pa bwalo pomwe siteji ili kumbali, ndinabwerako khosi litauma. Ndiye musaganize kuti ife okonda nyimbo tikusangalala nayo nyumba yanuyo. Ikutipweteka tonse.

Wazingwe
Mayi, chimenecho ndi chilema cha nyumba zimenezi. Makoma olimba, denga lachitsulo, malo otambalala, mawu amangonjanja osafa msanga. Timayesetsa: timapachika makatani olemera kumbuyo, masipika timawalozetsa kwa anthu osati kumakoma, ndipo timaika ena chapakati amene timawachedwetsa pang'ono kuti agwirizane ndi akutsogolo. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye khoma likakhala patali khutu limamva bwinobwino kuti abwera kawiri. Anthu akadzaza zimachepako chifukwa matupi ndi zovala zimamwa mawu. Shoo ya holo yosadzaza ndiyo imamveka moipa kwambiri.

Nachisale_Kutali
Ndiye kuti ndinalipira kuti ndikakhale katani?

DJ_Kachiwiri
Kkkkk katani yolipira yokha.

Woyang'anira_Gulu
Abale, a Kochi anabwera ndi vuto. Za makatani tsegulani ulusi wina.

MayiWaAwiri
Ine ndine kholo, mwana wanga amalumpha, ndipo kalabu yathu inadutsa m'zomwezi zaka zingapo zapitazo, kumalo ena. Ndinene zimene tinaona.

Choyamba tinkalimbana ndi mlonda wa pageti, ngati iye ndi amene amalemba kalendala. Kutaya nthawi. Mashoo akuluakulu amasungitsidwa malo miyezi yambiri zisanachitike, matikiti amayamba kugulitsidwa kalekale, ndiye pamene chipepala chikumatidwa pageti nkhani inatha kale. Ife tinadzazindikira kuti tsiku la shoo tinkatha kuliona pa intaneti miyezi isanu m'mbuyo, chimene sitinkadziwa ndi masiku otsekera okha. Tinapempha kuti kalabu izikhala nawo pamene akukonza kalendala ya chaka, ndipo tinawapatsa masiku a mipikisano yathu polemba.

Vuto lenileni ndi loti tonse timaifuna nyumbayo nthawi imodzi. Mipikisano ya m'nyumba imaunjikana January mpaka March. Miyezi yomweyo oimba sangaimbire m'masitediyamu a panja chifukwa cha kuzizira, ndiye nawonso amathamangira pansi pa denga. Chilimwe chikafika ife tili panja, iwo ali panja, holo ili pululu. Akanati mashoo azichitika July palibe akanakangana.

Sitinapambane zonse. Anakana kulonjeza kuti miyezi itatuyo sikudzakhala shoo, ndipo ndikuwamvetsa. Koma anavomera zinthu ziwiri: kutidziwitsa masiku otsekera nyengo isanayambe, ndi kutisiyira malo otenthetsera thupi akumbuyo, kakhonde ka labala kowongoka, pa masiku amene siteji ikumangidwa. Sikalowa m'malo mwa kona, koma ana sakhala manja lende.

Mangolomera77
Awa ndiye akulankhula zanzeru. Osati zomati "nyumba ndi yathu".

Kochi_wa_Ana
Achimwene, nyumba ndi yathu ndithu, pamenepo sindisuntha. Inamangidwa ndi ndalama za msonkho m'dzina la masewero, ndipo pamene ankapempha ndalamazo zithunzi zimene ankaonetsa zinali za ana akuthamanga, osati za woimba. Sindikuti mashoo athe. Ndikuti akaphwanya akonze, ndipo asatiuze Lolemba pageti.

Mangolomera77
Pa kukonza ndiye tagwirizana. Woimba amasiya ndalama ya chikole, idye imeneyo.

Wazingwe
Chikolecho chimakhalapo m'mapangano ambiri, koma kuti chidyedwe pamafunika umboni woti chinthu chinali bwino asanalowe. Holo ikapanda kujambula, kampani ya woimba imangoti "tinapeza chili chomwecho". A Kochi, pemphani kuti muyende nawo pa thiraki asanaphimbe, foni m'manja. Jambulani leni iliyonse, makamaka pafupi ndi chitseko chachikulu cholowera malole, ndi m'munsi mwa makona pomwe kupendekeka kumayambira. Ngati makona anu ndi aja amatsitsidwa ndi makina kuti pansi pakhale fulati, ngati a ku Emirates Arena ku Glasgow, yang'ananinso molumikizira, ndi malo osachedwa kuwonongeka.

Phazi_Thandize
Komanso tisamangonamizira oimba zonse. Ndaonapo othamanga akulowa ndi nsapato za misomali yaitali ya panja, pomwe m'nyumba lamulo limati isapyole mamilimita 6. Leni yoyamba imaperepeseka ndi inu nomwe chifukwa aliyense amafuna kuyeserera mkati.

Kochi_wa_Ana
Zoona, ndipo ana anga ndimawayang'ana nsapato pakhomo. Koma msomali subweretsa chithupsa chachikulu ngati mbale.

Kamtsitsi_B
Nanga mtsikana anabinya uja anachira?

Kochi_wa_Ana
Anachira, zikomo. Koma mpaka pano akafika pakona ija amafupikitsa sitepe ngakhale anakonza. Mutu sunaiwale.

Agogo_Sitopuwotchi
Muyendetseni pamalopo pang'onopang'ono kangapo, kenako mothamanga pang'ono, aponde pachigamba penipenipo mwadala. Ndinaonapo mnyamata wothamanga molumpha zotchinga atagwa moipa, zinamutengera nyengo yathunthu. Musamukalipire.

Kochi_wa_Ana
Ndabwera ndi zotsatira. Ndakumana ndi mkulu woyendetsa bwalo lero m'mawa, nditatenga makolo awiri. A Wazingwe munalasa: masiku anayi mwa 9 aja woimbayo wachita lendi kuti ayeserere shoo yake, poti ulendo wake ukuyambira kuno. Akuti zimenezo anasainirana kalekale, sangasinthe. Nditafunsa chifukwa chake sanatiuze, anati anatumiza imelo ku adiresi ya kalabu. Tafufuza, adiresiyo ndi ya mlembi amene anachoka zaka ziwiri zapitazo. Ndiye pamenepo nafenso tili ndi gawo lathu, ndavomera.

Atipatsa khonde lotenthetsera thupi kuyambira 6 mpaka 8 m'mawa, ogwira ntchito asanayambe kudutsa ndi katundu. Ndi mamita 50 okha, owongoka. A 800 ndiwapititsa kwina, kuli thiraki ina ulendo wa maola awiri pa sitima, tipitako Loweruka kuti akaponde kona ngakhale kamodzi. Kujambula asanaphimbe tachedwa, aphimba kale, koma avomera kuti ndidzakhalepo povundukula.

Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti ndinasuzumira pa kalendala ili pakhoma la ofesi yake. Sabata yachiwiri ya March yadetsedwanso ndi cholembera chofiira.

Mangolomera77
Ndani akubwera March? Mwina ndigule tikiti.

MayiWaAwiri
Konzani imeloyo lero lomwe, a Kochi, ndipo muike ya anthu awiri.

Wazingwe
Povundukula musaime pakati pa bwalo, adzakuchotsani. Kaimeni pafupi ndi chitseko cha malole, muone ngati ayala matabwa podutsa forklift. Ndipo potupa sipaoneka ndi maso tsiku loyamba. Vulani nsapato, muyende ndi masokosi leni yonse, pomwe guluu walekana phazi limamva kufewa.